Mbeu ya Mbatatesi Imafuna Kuŵala

M'maboma a Dedza ndi Ntcheu, ndiponso m'madera ena ozizira a kumapiri, mbatatesi ndiyo imalipira ana sukulu ndi kufolera nyumba ndi malata. Koma ambiri a ife tikatha kukumba ndi kugulitsa, yotsala yambeu timaithira m'thumba ndi kuiponya kuchipinda chamdima, mwinanso kunsi kwa bedi, mtima uli m'malo kuti tasunga. Pomadzamasula thumba nthaŵi yobzala, timapeza mbatatesi itafota ndi kukwinyika, itatulutsa mphukira zoyera, zazitali, zolukanalukana ngati zingwe. Zokolola za chaka chimenecho zayamba kale kutayika tisanagwire khasu.

Tiyenera kudziŵa kuti mbatatesi yokumbidwa ndi chinthu chamoyo. Imagona miyezi iŵiri kapena itatu, malinga ndi mtundu wake, pambuyo pake maso ake amadzuka. Ikadzukira mumdima, mphukira imachita monga ili m'nthaka: imatalika msanga kufunafuna kuŵala, ndipo potero imayamwa chakudya ndi madzi za mbatatesiyo. Kaŵirikaŵiri diso lakunsonga ndilo limaphuka lokha, ena onse ali chigonere. Mphukira yotere njosakhwima, imathyoka m'dengu tisanafike kumunda. Mbeuyo iyenera kuphukanso ndi mphamvu yotsalira, motero imamera mochedwa, yapatalipatali, ndi mapesi oŵerengeka.

Pamalo oŵala zinthu zimasintha. Kuŵala kumaletsa mphukira kutalika, choncho zimakhala zazifupi, zonenepa, zobiriŵira kapena zofiirira, ndi zogwira zolimba. Maso angapo amaphuka pa mbatatesi imodzi. Ikabzalidwa imamera msanga ndi mofanana, phando lililonse limakhala ndi mapesi angapo, ndipo phesi lililonse limabereka mbatatesi zakezake. Akulu adati mmera mpoyamba. Kwa mbatatesi, poyambapo ndi pamene tasungira mbeu.

Nzeru imeneyi idachokera kwao kwa mbatatesi, ku mapiri a Andes ku South America. M'zaka za m'ma 1970, akatswiri a bungwe la International Potato Center, limene lidakhazikitsidwa ku Lima m'dziko la Peru mu 1971, adagwira ntchito pamodzi ndi alimi a kumapiriko kukonza kasungidwe kotsika mtengo kodalira kuŵala. Njirayi idafalikira m'maiko a ku Asia ndi kuno ku Africa, chifukwa siifuna magetsi kapena makina.

Nafenso tingathe. Timange chisakasa cha denga laudzu losadontha, zipupa zake zikhale za bango kapena nsungwi zotalikirana pang'ono, kuti kuŵala ndi mphepo ziziloŵa mbali zonse. M'kati timange mathandala osanjikizana. Tisankhe mbatatesi zazikulu ngati dzira la nkhuku, zopanda mabala, zochokera pa mapando amene sadafote kapena kudwala, pakuti kuŵala sikuchiza matenda obwera ndi mbeu. Tiziyale mopyapyala, zosasanjikizana kupitirira zitatu, kuti zapansi nazo zione kuŵala. Dzuŵa lisaziwombe mwachindunji, chifukwa limaziwotcha ndi kuzifotetsa. Kuŵala kofunika nkonga kwa pakhonde masana. Mphukira zikafika sentimita 1 kapena 2, mbeu yakonzeka kubzalidwa.

Anyamata ndi atsikana, pano pali ntchito yokuyenerani. Kamodzi pa mlungu yenderani mathandala, chotsani zoola, tembenuzani zotsala, ndipo yang'anitsitsani mphutsi zoboola mbatatesi ndi nsabwe zoyamwa mphukira.

Makolo, chenjezo lathu ndi ili. Mbatatesi yosungidwa poŵala imasanduka yobiriŵira, ndipo khungu lake limachulukitsa chiphe chotchedwa solanine. Kwa mbeu zimenezi nzabwino, koma kwa munthu ai: imaŵaŵa m'kamwa, imapweteka m'mimba ndi kusanzitsa, ndipo kuphika kapena kukazinga sikuthetsa chiphecho. Ana asatole pathandala kukawotcha, ndipo tisagulitse yotsala kwa okazinga chipisi. Yakudya ikhale pamdima ndi pozizira, yambeu ikhale poŵala. Tiziŵike padera kuyambira tsiku lokumba.

Amene akukayika ayese chaka chino. Agaŵe mbeu yake paŵiri, ina m'thumba monga kale, ina pathandala, ndipo abzale mizere yoyandikana tsiku limodzi. Pokumba aitane a pabanja pake ndi anansi, aŵerenge madengu pamodzi.