Gule wa square dance: makutu ndiwo amavina

Madzulo a pakati pa sabata, m'holo ya tchalitchi kapena ya sukulu ku America, anthu asanu ndi atatu aima awiriawiri m'mbali zinayi, onse atayang'ana pakati. Kutsogolo kuli munthu amene wagwira maikolofoni. Nyimbo ikangoyamba, iye amafuula kuti "allemande left", ndipo aliyense amagwirana dzanja lamanzere ndi munthu wa pambali amene si mnzake wovina naye, n'kuzungulirana. Asanapume, lamulo lina lafika kale. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ovinawo amene akudziwa chimene chibwere kutsogolo.

Ameneyu ndiye gule wa square dance. Wolamulayo, amene eni ake amamutcha caller, amalumikiza malamulo ake pomwepo, kusokoneza anthuwo mpaka aliyense atatalikirana ndi mnzake, kenako n'kuwabwezera onse pamalo pamene anayambira nyimbo isanathe. Zikatheka, holo yonse imakuwa. Ovina beni amamvera wezulo kuti asinthe sitepe, koma kuno malamulo ndi ochuluka kwambiri, ndipo mmodzi akaphonya, anzake asanu ndi awiri aja amangoti kakasi.

Magwero ake ndi a ku Ulaya, m'magule a kumidzi ya ku England ndi gule wa ku France wotchedwa quadrille. Kumeneko anthu ankaloweza masitepe pamtima. Ofufuza mbiri, monga Phil Jamison, aonetsa kuti mwambo wofuula malamulo gule ali m'kati unakula ndi oimba akuda a ku America, ambiri a iwo akapolo, amene ankaimbira azungu vayolini m'zaka za m'ma 1800. Ndi mbiri imene inakhala nthawi yaitali osaitchula. Pambuyo pake Henry Ford, mwini kampani ya galimoto uja, amene ankadana ndi nyimbo za jazi, anathira ndalama zake potsitsimutsa magule akale, ndipo mu 1926 anatulutsa buku lake la Good Morning mothandizidwa ndi mphunzitsi wa magule Benjamin Lovett. Mu 1939, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina ku Colorado Springs, Lloyd Shaw, anasindikiza Cowboy Dances, n'kuyamba kuphunzitsa olamula gule ochokera m'madera osiyanasiyana.

Masiku ano munthu amene akufuna kulowa kalabu ya guleyu sangangofika n'kuyamba kuvina. Makalabu ambiri amatsegula makalasi a atsopano cha mu Seputembala, ndipo tsiku loyamba nthawi zambiri silikhala lolipiritsa. Usiku woyambawo munthu amaphunzira zinthu zochepa: ndani mnzake, ndani wa pakona (wa pambali uja amene si mnzake), kuzungulira atagwirana manja, kudutsana msana ndi msana pa "do-si-do", ndi kuyenda awiriawiri pa "promenade". Mapazi sachita zodabwitsa ayi. N'kuyenda chabe motsatira kugunda kwa nyimbo. Chovuta n'kumva lamulo ndi kulichita thupi lisanayambe kufunsa mutu, ndipo apa m'pamene akuluakulu ophunzira bwino amapezeka kuti dzanja lamanzere ndi lamanja awasokonekera.

Kalabu imadziwa zimenezi, n'chifukwa chake imatumiza ovina ake akale kukalasi. Amatchedwa angelo. Ntchito yawo n'kudzaza malo otsala kuti anthu akwane asanu ndi atatu, ndi kulondolera wosokonezeka mwakachetechete, mwina pomuloza ndi chala kapena kumutambasulira dzanja loyenera. Mngelo wabwino sakoka munthu ndiponso saphunzitsa, poti imeneyo ndi ntchito ya wolamula. Gulu likabalalika, lamulo lake n'losavuta: aliyense abwerere pamalo pake msanga, adikire poyambiranso, nkhani ya amene walakwa isiyidwe.

Kuvina kumachitika m'zigawo za mphindi khumi kapena kuposerapo pang'ono. Chigawo chilichonse chimayamba ndi malamulo olankhulidwa pamwamba pa nyimbo yopanda mawu, kenako wolamula amaimba nyimbo yodziwika bwino, akulowetsa malamulo pakati pa mawu ake. Pomaliza, asanu ndi atatu aja amagwirana manja n'kuthokozana. Akatero amapuma, kumwa tiyi kapena khofi, n'kukapanga gulu ndi anthu ena. Mowa saulola. Aliyense amavala baji ya dzina lake, ndipo pa mwambo wakale amuna amavala malaya a manja aatali pomwe amayi amavala masiketi otambalala okhala ndi mapitikoti ambiri, ngakhale makalabu ochuluka masiku ano anasiya kuumirira zimenezi.

Chimene chimachititsa kuti maphunziro atalike ndi mndandanda wa malamulo. Bungwe la olamula gule la CALLERLAB, limene linachita msonkhano wake woyamba mu 1974, linasanja malamulowo m'magawo ndi kulemba tanthauzo la lililonse. Gawo la Mainstream, limene makalabu ambiri amavina, linakhala ndi malamulo pafupifupi 70 kwa zaka zambiri, ndipo kuwaphunzira kamodzi pa sabata kunkatenga miyezi yambiri. Pamwamba pake pali Plus, Advanced ndi Challenge. Phindu lake ndi lalikulu. Malamulo amaperekedwa m'Chingerezi kulikonse, choncho wovina wa ku Japan, Germany kapena Sweden angathe kulowa m'gulu la ku Texas n'kuvina bwinobwino ndi anthu amene sangacheze nawo n'komwe. Ku Ulaya guleyu anafala kwambiri ndi asilikali a ku America nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha.

Koma mtengo wake nawonso ulipo. Msonkhano waukulu wa ovina ku America, umene unayamba mu 1952 ku Riverside, California, unasonkhanitsa anthu pafupifupi 40,000 ku Anaheim mu 1976. Lero safika n'komwe pafupi ndi chiwerengero chimenecho, ndipo ovina ambiri ndi a imvi. Munthu wa ntchito ndi ana ang'onoang'ono sangalonjeze usiku umodzi sabata iliyonse kwa miyezi yambiri chonchi. Poona izi, olamula anakonza pulogalamu yaifupi ya Social Square Dancing, ya malamulo 50 ophunzirika m'masabata pafupifupi 12. Anachedwa nazo, koma anachita bwino. Makalabu a m'mayunivesite, monga Tech Squares ya ku MIT, akukopabe achinyamata, makamaka okonda masamu.

Owerenga amene ali ku America kapena ku Britain, kumene makalabu otere alipo ndithu, angathe kukayesa usiku woyamba uja. Nsapato zikhale zafulati, ndipo kupita wekha si vuto chifukwa kalabu imakupezera wovina naye.