MALUWA AMENE SALI MALUWA: KAKULIDWE NDI KASUNGIDWE KA ZOANTHID

Nkhani yathu lero iri ya tinyama tina ta m'nyanja ya mcere, timene anthu a m'maiko ambiri amasunga m'nyumba zao m'mathanki a galasi cifukwa ca kukongola kwace. Dzina lace ndi zoanthid. Ndidzakuuzani m'mene timakulira, zimene timafuna kuti tikhale ndi moyo, ndiponso ngozi imene iri m'thupi mwace. Cherani khutu kufikira ku mapeto, pakuti mau otsirizawo ndiwo oposa onse.

Kodi zoanthid nciani?

Mutaona zoanthid nthawi yoyamba mudzati ndi maluwa oyalidwa pa mwala monga mphasa. Koma si maluwa ai, ndi nyama, abale ace a korali. Kamutu kali konse nkozungulira, ndipo kukula kwace kuli ngati batani la malaya. Pakati pace pali kamwa, ndipo m'mbali mwace muli timanja tating'ono m'mizere iwiri. Mukakakhudza kamafumbata msanga. Timitu tambiri timalumikizana pansi ndi mnofu umodzi, cotero timakhala ngati mudzi wa pfuko limodzi. Korali weniweni amamanga mwala wolimba, koma zoanthid samanga. Thupi lace nlofewa.

Mitundu imene anthu amasunga kawirikawiri ndi iwiri. Wina ndi Zoanthus, wa timitu tating'ono ta maanga owala: obiriwira, ofiira, acikasu. Wina ndi Palythoa, wa mitu yokulirapo, umene umalowetsa mcenga m'mnofu mwace kuti ulimbe. Kwao ndi nyanja zofunda, monga ku Caribbean, ku Indonesia, ku Fiji ndi ku Hawaii. Inu amene muli ku Durban mungathe kuziona pa miyala ya m'mbali mwa nyanja madzi akaphwa. M'Nyanja ya Malawi mulibe, cifukwa madzi ace alibe mcere, ndipo thanki yosungiramo mbuna siingathe kusunga zoanthid.

Cakudya cace ncodabwitsa. M'kati mwa mnofu wace mumakhala ndere zazing'ono zosaoneka ndi maso. Nderezi zikalandira kuwala zimapanga cakudya monga acitira masamba a cimanga, ndipo zimagawirako nyamayo. Nyamayo nayo imazipatsa pokhala. Ndico cifukwa cace nyali iri cinthu cacikuru kwa wosunga zoanthid. Palythoa amagwiranso tizidutswa ta cakudya ndi timanja tace.

M'mene zimakulira

Munthu sagula mwala wonse. Amagula kacidutswa ka timitu tiwiri, titatu kapena tisanu, komatidwa pa kamwala kakang'ono. Akakaika m'thanki, timituto tingakhale totseka masiku angapo. Musade nkhawa, ndipo musakasunthe kuno ndi uko. Kalikuzolowera malo atsopano.

Kakakhazikika, mnofu wa pansi uja umayamba kutambalala pa mwala, ndipo pa mnofuwo pamaphuka kamutu katsopano pambali pa kakale, monga nthoci iphukira ana pa tsinde. Apa ndipo anthu ambiri amafunsa kuti, "Kodi zidzadzaza mwala wanga liti?" Yankho liri lakuti mitundu siilingana. Ina imaonjeza timitu pa milungu yowerengeka, ina imatha miyezi osaonjezapo kanthu, cinkana zonse ziri m'madzi amodzi. Kawirikawiri mitundu yochipa ndi imene imakula msanga, pakuti cimene ciculuka msanga sicikwera mtengo. Ogulitsa anaipatsa mitunduyi maina ao a malonda, monga Rasta, Eagle Eye ndi Utter Chaos, koma maina amenewa sali a akatswiri a sayansi.

Dziwaninso ici: timitu tatsopano timaphuka makamaka m'mphepete. Kacidutswa ka timitu titatu kali ndi mphepete yaing'ono, cotero miyezi yoyamba muona ngati palibe cirikucitika. Mudziwo ukakula, mphepete nayo imatalika, ndipo malo ophukira amaculuka. Amene anayamba pang'onopang'ono amadzafulumira pambuyo pace. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ngati mufuna kudziwa zoona, werengani timitu kamodzi pa mwezi ndi kulemba m'buku, kapena jambulani cithunzi muli pa malo amodzimodzi.

Zimene zimafunika

Coyamba ndi mcere. Madzi a m'nyanja ali ndi magalamu 35 a mcere pa lita imodzi, ndipo a m'thanki ayenera kukhala otero. Mcere wa m'ndiwo sugwira nchito imeneyi. Pali mcere wace wogula, wosakanizidwa bwino. Kumbukirani kuti madzi akamauma mcere umatsala. Cotero poonjeza madzi amene auma, thirani madzi oyera opanda mcere. Mukathira a mcere, mcerewo udzanka nuculuka.

Caciwiri ndi kufunda kwa madzi. Akhale pakati pa madigiri 24 ndi 27 a Celsius, usana ndi usiku. Madzi akatentha koposa, nyama imataya ndere zace zija, nituwa, ndipo ingafe ndi njala.

Cacitatu ndi nyali. Iyake maora 8 kufikira 10 pa tsiku. Kuwala kukacepa, timitu timatalika makosi kufunafuna nyali, ndipo maanga amazirala. Kukaculuka, timafota ndi kukana kutseguka. Yambani kuika kacidutswa pansi pa thanki, ndipo muzikakweza pang'onopang'ono pa milungu ingapo. Nyali ya mtundu wa buluu ndiyo imaonetsa maanga ace kuwala ngati makala a moto.

Cacinai ndi kuyenda kwa madzi. Pampu iyendetse madzi mwakuti timanja tizigwedezeka pang'ono, ndipo zinyalala zisakhazikike pakati pa timitu. Koma madziwo asaombe molunjika pa nyamazo.

Cacisanu ndi ukhondo woyenera. Mlungu uli wonse, kapena pa milungu iwiri, cotsani limodzi la magawo khumi a madzi ndi kubwezera atsopano. Koma musayese kuti madzi oyeretsetsa ndiwo abwino koposa. Ndere za m'thupi zija zimafuna manyowa pang'ono, ocokera ku zitosi za nsomba. M'thanki mopanda manyowa konse zoanthid zimaima kukula. Manyowa akaculukitsa, ndere za pa miyala zimamera ndi kuphimba timitu. Ndipo coposa zonsezi ndi kusasinthasintha. Thanki imene mwini wace amasintha zinthu tsiku ndi tsiku siikuza kanthu.

Adani ace

Timitu tikakhala totseka mlungu wathunthu popanda cifukwa, funafunani mdani. Pali nkhono zina zopanda cigoba zimene zimadya zoanthid ndi kutenga maanga ace, kotero kuti nzobvuta kuziona. Zimaikira mazira oyera opiringizika pa mnofu. Palinso kankhono ka cigoba cozungulira ca mawanga, kochedwa Heliacus, ndiponso tizirombo tonga akangaude. Adani amenewa amalowa m'thanki pamodzi ndi kacidutswa kogula. Cifukwa cace cinthu catsopano muyambe mwaciviika m'mankhwala ace a korali, ndi kucisunga pa cokha milungu ingapo musanacisakanize ndi zinzace.

Ngozi imene muyenera kuidziwa

Tsono mverani bwino. Cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mitundu ina ya zoanthid, makamaka ya Palythoa, iri ndi ululu wochedwa palytoxin, umene uli m'gulu la ululu woopsa koposa umene anthu aupeza m'zamoyo.

Anthu a ku Hana, pa cisumbu ca Maui ku Hawaii, anaudziwa kalekale. Anali kunena za thamanda lina la m'mbali mwa nyanja m'mene munali "ndere yakupha", imene ankhondo anali kupaka pa mikondo yao. Akatswiri atalipeza thamandalo mu 1961, anaona kuti siinali ndere, koma Palythoa. Mu 1971 Richard Moore ndi Paul Scheuer a pa University of Hawaii anapatula ululuwo naucha dzina. Umaononga tizipata timene timasamala kulowa ndi kuturuka kwa mcere m'zigawo zazing'ono za thupi, ndipo minofu, mtima ndi mapapo zimabvutika. Mankhwala otsutsana nao palibe; madokotala amangothandiza thupi kufikira ululuwo utatha mphamvu.

Ululuwu umalowa pa bala, m'maso, m'kamwa, ndiponso popuma. Mu 2015 bungwe la zaumoyo la boma la America linalengeza za anthu a ku Alaska amene anadwala pakati pa 2012 ndi 2014 cifukwa copuma mpweya wocokera ku zoanthid, ena m'masitolo, ena m'nyumba zao. Ndi maso simungathe kusiyanitsa mtundu wa ululu ndi wopanda ululu. Cotero yesani yonse yoopsa, ndipo sungani malamulo awa.

Bvalani magolovesi ndi magalasi ochinga maso pogwira kapena podula zoanthid, pakuti kamutu kakafinyidwa kamathobvola madzi. Musagwire ndi dzanja la bala. Musawiritse mwala wa m'thanki, ndipo musauthire madzi otentha. Moto suupha ululuwu, ndipo nthunzi idzaufalitsa m'nyumba monse. Musakwece mwalawo kunja kwa madzi, ndipo musausiye kuti uume poyera. Ngati mufuna kuutaya, uviikeni m'madzi a jiki, muumange m'thumba la pulasitiki. Ana, agaru ndi amphaka akhale kutali. Mukatha nchito sambani ndi sopo.

Ngati mutatha kugwira zoanthid mumva kuwawa konga citsulo m'kamwa, kutentha thupi, kutsokomola, kubanika, kuphwanya kwa minofu kapena kuwawa kwa maso, turutsani anthu onse m'nyumbamo, tsegulani mazenera, ndipo pitani ku cipatala nthawi yomweyo. Mukafika nenani poyera kuti munagwira korali wa m'thanki, ndi kuchula dzina lija la palytoxin, cifukwa zizindikiro zace zimafanana ndi cimfine cacikuru ndipo dokotala sangaganizire yekha.

Anthu ambiri asunga zoanthid zaka zambiri osabvulala, cifukwa anasunga malamulo amenewa. Inunso mukatero, kacidutswa kanu ka timitu titatu kadzaphimba mwala pa nthawi yace.