Kodi buku la tinkhani ta chess lingakulitse luso la wosewera?

Kwa mphunzitsi wa ku Golomoti amene akufuna kuyambitsa kalabu ya chess pasukulu, kupeza buku si chinthu chapafupi. Sitolo zikuluzikulu za mabuku zili kutali, ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo ndalama kawirikawiri zimangokwanira buku limodzi. Vuto n'lakuti buku lokopa kwambiri limakhala lija losonkhanitsa tinkhani tosiyanasiyana: mbiri za akatswiri, nthabwala, zodabwitsa ndi masewero otchuka.

Mabuku a mtunduwu anayamba kalekale. Limodzi mwa odziwika ndi The Fireside Book of Chess, lomwe Irving Chernev ndi Fred Reinfeld anatulutsa mu 1949. M'mabuku otere owerenga amapezamo zinthu monga masewero a Ivan Nikolić ndi Goran Arsović a ku Belgrade mu 1989, omwe anafika mayendedwe 269 n'kutha popanda wopambana. Nkhaniyi ndi yokoma kuisimba, koma mwana amene waiwerenga sizimuletsa kudyetsa kavalo wake mwaulere mawa lake.

Amene anaonerapo bawo pansi pa mtengo amvetsa chifukwa chake. Katswiri wa bawo amawerengera mumtima kumene nkhomo yomaliza ikagwere asanagwire n'komwe, ndipo luso limenelo analipeza pobwereza kambirimbiri. Chess nayo ili choncho. Wosewera amakula akamadziyesa yekha kupeza njira pa bolodi, kulephera, n'kuyesanso mpaka maso atazolowera misampha imene imabwerabwera. Buku la tinkhani silimupatsa ntchito yotereyi. Limadumpha kuchoka pa nkhani ina kupita pa ina, osayambira pa zosavuta kupita ku zovuta.

Mabuku ophunzitsira amakonzedwa mosiyana. José Raúl Capablanca wa ku Cuba, m'buku lake la Chess Fundamentals la 1921, anayamba ndi mathero a masewero, pamene pa bolodi patsala zida zochepa, kuti wophunzira adziwe kaye kumaliza. László Polgár wa ku Hungary anasonkhanitsa mafunso ndi masewero 5,334 m'buku limodzi. Chernev yemwe uja, mu 1957, analemba Logical Chess: Move by Move, momwe anafotokoza chifukwa cha kayendedwe kalikonse m'masewero 33. Ngati ndalama ndi ya buku limodzi, ipite ku limodzi la amenewa.

Komabe kulinyoza buku la tinkhani kungakhale kulakwa, pakuti muli masewero athunthu amene angaphunzitse zambiri akagwiritsidwa ntchito bwino. Taganizirani masewero a Paul Morphy a ku Paris mu 1858, amene anatha m'mayendedwe 17 okha. Morphy anatulutsa zida zake zonse mofulumira pamene za adani ake zinali zitapanikizana kumbuyo, kenako anapereka mfumukazi yake dala n'kutsekera mfumu ya adaniwo pa kayendedwe kotsatira. Kungowerenga zimenezi uli gone n'kusangalala chabe. Koma mphunzitsi akayala bolodi, n'kubisa kayendedwe kotsatira ndi kapepala, n'kufunsa ana kuti iwo akanayenda bwanji ndipo chifukwa chiyani, masewero omwewo amasanduka phunziro la sabata yathunthu.

Palinso ntchito ina imene mabuku a mafunso okhaokha saikwanitsa, yokopa mwana kuti abwerenso mawa. Apa mpamene mabuku ambiri a tinkhani amaperewera kwa ife, chifukwa amasimba za ku Ulaya ndi ku America. Mphunzitsi angawonjezere yekha za kuno kwathu: Amon Simutowe wa ku Zambia, amene analandira ulemu wa grandmaster mu 2009, kapena Susan Namangale, amene anasankhidwa kutsogolera bungwe la Chess Association of Malawi mu 2018 ndipo wakhala akulimbikitsa masewerawa m'sukulu ndi m'ndende.