Mwana wobadwira m'fulati, kwawo n'kuti?

Mayi wina wokhala m'fulati ku Lilongwe wandifunsa chifukwa chomwe ana ake amakanira kupita kumudzi pa holide, n'kumati kwawo ndi m'tauni momwemo. Nanenso zinkandizunguza mutu, ndinkaziona ngati mwano.

Kumudzi munthu sabwereka malo. Munda ndi wa makolo, nkhokwe ili pabwalo, manda a agogo ali kuseri kwa mudzi. Ngakhale ndalama zisowe chaka chonse, palibe wokutulutsa. M'fulati chokusunga ndi lendi ya pakutha pa mwezi. Ufa ndi wogula, magetsi ndi mayunitsi, kusinja mumtondo sungayerekeze poopa kusokosera okhala pansi, ndipo mlendo akafika umayamba wawerenga mabedi. Ife amene tinabwera titakula, mzindawu utakhala kale likulu mu 1975, timakhalamo ngati mbalame panthambi, mtima uli kwina. N'chifukwa chake tikamwalira amakatiika kumudzi.

Mwana alibe kwinako. Anaphunzirira kuyenda pa masitepe omwewo, anzake ndi a khomo loyandikana. Polemba fomu amatchula mudzi ndi mfumu yaikulu mongoloweza.

Makolo, musawakalipire ana otere. Pitani nawo nthawi yokolola, akadziwane ndi amalume ndi asuweni awo, akaone munda wa agogo ndi maso awo.