DZINA LA YASHICA LIKALIPO, NANGA KAMERA YAKE?

Ambiri amene anali kutsika basi mu Lusaka m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 sanali kubwerera kumudzi popanda cithunzi. Wojambula anali kuyenda m'makomboni monga Kabwata atakoleka kamera m'khosi, ndipo pa makamera ena otere panali polembedwa kuti Yashica.

Lero munthu wotsika pa Intercity atapeza kamera yatsopano ya dzina limeneli, kodi ndi yomwe ija anaidziwa makolo ake?

Kampani ya Yashica inayamba m'caka ca 1949 ku Nagano, m'dziko la Japan. Poyamba inali kupanga tizitsulo ta mawoci, ndipo kamera yake yoyamba inatuluka mu 1953. Imene inamveketsa dzinali ndi Electro 35 ya mu 1966, cifukwa inali kudziyezera yokha kuwala, motero ngakhale wophunzira anali kutulutsa nkhope zooneka bwino.

Mu 1983 kampani ya Kyocera inatenga Yashica. Apa sipanaonongeke zambiri, popeza nchito yopanga makamera inapitirira. Koma mu 2005 Kyocera inaleka nchitoyo, ndipo mu 2008 inagulitsa dzinalo kwa MF Jebsen, kampani ya ku Hong Kong. Cimene cinagulidwa ndi dzina lokha, osati amisiri kapena nzeru zawo.

Zipatso zake zinaoneka mu 2017, pamene eni atsopano analengeza kamera yochedwa Y35 napempha anthu kulipiriratu pa intaneti. Anthu zikwizikwi, pokumbukira zakale, anasonkha ndalama zoposa madola a ku America 1 miliyoni. Katundu atafika mu 2018 kunali madandaulo okhaokha. Maonekedwe anali a Electro 35, koma thupi linali la pulasitiki wopepuka, zithunzi zosakondweretsa, ndipo ena anailandira isakugwira nchito n'komwe.

Komabe nkhaniyi siyenera kuweruzidwa mofulumira. Ngakhale FX-3 ya mu 1979, imene ojambula anaikonda cifukwa ca kulimba kwake, inapangidwa ndi kampani ina yochedwa Cosina. Kusiyana kwake n'kwakuti masiku amenewo Yashica inali ndi amisiri ake oyang'anira nchito, amene akadacita manyazi katundu akadaipa.

Electro 35 zambiri zikali kujambula kufikira lero, ngakhale kuti mabatire ake oyambirira analeka kupangidwa.