Makina oboolera akavuta, mota siyoyamba kukayikiridwa

Makina oboolera oimika patebulo ali ndi mota, lamba woyenda pa mapule, shafuti yozungulira ndi chaki chogwira biti. Owotcherera ndi akalipentala a pa Ligowe m'boma la Neno amaboolera nawo mafelemu a zitseko, zitsulo za ngolo ndi matabwa. Popeza sipeya amagulidwa kutali, ku Mwanza kapena ku Blantyre, mmisiri wodziwa kupeza vuto yekha amapulumutsa ndalama ndi masiku ogwira ntchito. Ambiri amathamangira kumasula mota, chonsecho mavuto ochuluka amayambira pa biti, liwiro ndi lamba.

Biti ikamalira, kutulutsa utsi, nsonga yake n'kusanduka yabuluu, ndiye kuti yabuntha kapena ikuzungulira mothamanga kwambiri. Lamulo lake ndi lakuti biti ikakula liwiro litsike. Pa chitsulo wamba, biti ya mamilimita 6 imayenda bwino pa maulendo pafupifupi 1,400 pa mphindi, pamene ya mamilimita 12 imafuna theka la liwiro limenelo. Liwiro amasintha posamutsa lamba: akakhala pa pule yaing'ono ya mota ndi yaikulu ya shafuti, makina amayenda pang'onopang'ono koma mwamphamvu. Timadontho ta oyilo timaziziritsa nsonga. Biti yodula bwino imatulutsa nyenyeswa zopotana, yobuntha imangotulutsa fumbi.

Kunola nako kuli ndi luso lake. Nsonga ya biti wamba ndi ya madigiri 118, ndipo milomo yake iwiri iyenera kulingana. Wina ukatalika, bowo limakula kuposa biti, mabawuti n'kumagwedera. Biti ikamatsetsereka poyamba, pamafunika kukhoma kadzenje ndi panchi. Pa bowo lalikulu ndi bwino kuyamba ndi biti yaing'ono.

Kugwedezeka kwa biti kumafufuzidwa kuyambira pansi kupita m'mwamba. Biti yopindika imaoneka ikagubuduzidwa pagalasi. Ikakhala yowongoka, vuto lingakhale zinyalala m'mano a chaki, kapena chaki chomwe sichinakhale bwino pa shafuti. Chaki sichimangidwa ndi bawuti pa makina ambiri. Chimagwira chifukwa zitsulo ziwiri zosongoka zimakanikizana. Chikamagwa, apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa popaka girisi. Malo amenewa amafuna kupukutidwa mpaka kuuma, kenako chaki kuchimenya pang'ono ndi thabwa, mano ake atabwezedwa mkati. Zonsezi zikalephera, shafuti n'kumasewerabe poigwedeza ndi dzanja, ndiye kuti mabering'i atha.

Biti ikaima mota ikuzungulirabe, lamba ndi wokhwepa kapena wanyowa ndi oyilo. Lamba womangika bwino amalowa pafupifupi sentimita imodzi akadinidwa ndi chala. Kumukoka mopitirira kumadya mabering'i. Mota yomwe ikungong'ung'udza osazungulira iyenera kuzimitsidwa msanga isanapse. Kawirikawiri imakhala kapasita yafa, kapena magetsi afika ofooka, osakwana mavoti 230 omwe motayo imafuna. Jenereta yaing'ono ndi chingwe chachitali chopyapyala zimabweretsanso vuto lomweli. Kapasita imasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa, choncho ntchito imeneyi ndi ya wodziwa zamagetsi.

Ngozi yaikulu imabwera biti ikamatulukira kunsi kwa chitsulo. Pamenepo imakola, n'kuzungulitsa chitsulo chonse ngati chikwanje. Chitsulo chimangidwe ndi vaisi, ndipo dzanja lipepuke pa chogwirira bowo likamatha. Magolovesi ndi malaya a manja okhwepa amakoledwa ndi shafuti, pamene kiyi woiwalika pa chaki amauluka makina akayatsidwa. Nyenyeswa zimachotsedwa ndi burashi makina ataima.

Magalasi oteteza maso ndi otchipa poyerekeza ndi diso. Kachitsulo kakalowa m'diso, munthu asatikite kapena kukatokosa ndi kamtengo. Atsuke ndi madzi oyera ambiri. Kakakanirira, aphimbe diso mosakanikiza n'kupita tsiku lomwelo ku chipatala cha Ligowe, komwe angamutumize ku chipatala chachikulu cha Neno, chifukwa chitsulo chikagona m'diso chimachita dzimbiri n'kusiya chipsera.