Mmisiri Wolinganiza Zikwama za Akazi

Ambiri a inu mwaona zikwama zacikopa zimene akazi amanyamula m'manja. Ziripo zina za mtengo wapatali, zoti cimodzi cokha ciposa malipiro a munthu a miyezi yambiri. Lero tikambe za munthu amene amayamba kuganiza maonekedwe a cikwama cotere, makamaka iye wogwira nchito m'kampani yaing'ono.

Citsanzo cathu ndi kampani ya Launer ya ku England. Anaiyamba ndi Sam Launer mu 1940, atafika ku London kucokera ku Czechoslovakia. Zikwama zake zisokedwa ndi manja ku Walsall, mzinda umene unachuka kale ndi zishalo za akavalo. Mfumukazi Elizabeth II anali kunyamula zikwama zimenezi zaka zoposa 50, kufikira imfa yake mu 2022.

Nchito ya mmisiri wathu iyambira pa pepala. Iye ajambula cikwama, nayesa utali, ufupi ndi kuya kwake, ndiponso aganiza zimene mwini wake adzaikamo. Atatha apo adula mapepala olimba, cidutswa ciri conse paceka, nawalumikiza kuti aone ngati cikwama cidzaima bwino. Sayamba wakhudza cikopa ai, cifukwa pepala likaonongeka palibe kanthu, koma cikopa cikadulidwa molakwa ndalama zapita.

Pamenepo asankha cikopa, ndipo apa ndi pamene nzeru zake zioneka. Cikopa ca ng'ombe sicifanana ponse. Ca pamsana ndi colimba, ca pamimba cimatamuka, motero nkhope ya cikwama idulidwa pamsana. Afunsanso za kafufutidwe kake. Cofufuta ndi makungwa a mitengo citenga masabata ambiri ndipo cikhala couma gwa. Cofufuta ndi mankhwala a chrome citha m'masiku owerengeka ndipo cikhala cofewa. Inu oweta ng'ombe dziwani kuti zipsera za nkhupakupa, za waya waminga ndi za citsulo camoto zitsalira pa cikopa, ndipo zitsitsa mtengo wake.

Zikwama zodula kopambana ndi za cikopa ca ng'ona. Zina mwa zikopa zimenezi zicokera ku ng'ona zowetedwa m'mbali mwa nyanja ya Kariba, kuno ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Cofunika ndi ca pamimba, ndipo kacipsera kamodzi kokha kacicotsa m'gulu loyamba. Malonda ake ayendera pangano la maiko lochedwa CITES, limene linayamba kugwira nchito mu 1975.

Inu a ku migodi muli nayo mbali yanunso. Maloko ndi mphete za zikwama zabwino kawirikawiri zipangidwa ndi mkuwa wosanganiza ndi zinki. Mmisiri ayenera kudziwa kulemera kwa zitsulozi, pakuti zikalemetsa zikoka cikopa, ndipo cikwama cipindika.

Posoka, amisiri ena atsata njira ya osoka zishalo: singano ziwiri pa ulusi umodzi wopaka phula, zonse zipyola pa boo limodzi. Ulusi ukaduka pamalo amodzi, msoko wonse sumasuka monga ucitira wa makina.

M'kampani yaikulu nchito izi zigawidwa kwa anthu ambiri. M'kampani yaing'ono munthu mmodzi ajambula, akambirana mtengo ndi ofufuta zikopa, awerenga ndalama, nakhala pambali pa osoka kuti amve madandaulo ao. Zikopa ndi zitsulo zigulidwa cikwama cisanagulitsidwe, cotero mtundu umodzi ukakanidwa ndi ogula, malipiro a anchito onse akhala pangozi. N'cifukwa cake mmisiri wanzeru acepetsa zokongoletsa, nalimbitsa zogwirira ndi m'makona, mmene cikwama cimayambira kutha.

Mnyamata kapena mtsikana wofuna nchito imeneyi ayambe waphunzira kudula ndi kusoka, pakuti wosadziwa khalidwe la cikopa amajambula zinthu zosatheka kusokedwa. Ndipo inu amai, pogula cikwama ca mtengo uli wonse, yang'anani msoko, makona ndi zogwirira musanaturutse ndalama.